Bulugama wa Apongozi a Lotani

Khalani pansi ana inu, mabuku atsekeni kaye. Mwambi uwu chiyambi chake n'chotere.

Ku Mponela kunali mkamwini wina dzina lake Lotani. Ntchito ya uphunzitsi anaifunsira kangapo osaipeza, ndiye ankaphunzitsa samu ana a Fomu 3 masana pakhonde pa apongozi ake, mayi Nabanda. Ankawaphunzitsa za makona atatu: sayini, kosayini ndi tanjenti. Pamudzipo ankamunena kuti ndi mkamwini wodya choko, ndipo mawuwa ankamuwawa. Mkwiyo wake ankauphwetsera pa ana. Mwana akafunsa funso ankamugwaditsa padzuwa, mpaka onse anaphunzira kungogwedeza mutu.

Kuseri kwa nyumba kunali bulugama wamtali amene anayamba kupendekera kunyumbako. Mayi Nabanda anati aitane amuna a m'mudzi adzadule mtengowo ataumanga chingwe n'kuukokera kumunda. Lotani anakana. Anaona kuti tsiku loti anthu amulemekeze lafika.

"Amayi, musavutitse anthu," anatero. "Mtengowu ndiuyeza ndili pansi pompano, ndipo mudzaona kuti sufika panyumba."

Anasonkhanitsa ana aja kuti aonere. Anayeza mtunda kuchokera patsinde, nayeza ngodya yoloza kunsonga, n'kuyamba kulemba padothi. Koma pamene panafunika tanjenti, iye anaika sayini, ndipo mtengo unatuluka waufupi ndi theka. Anawo anaona cholakwacho. Anayang'anana, nakumbukira dzuwa lija, n'kugwedeza mitu monga mwa masiku onse.

Lotani anatenga nkhwangwa. Mtengo unalira, n'kugwa molunjika nyumba. Nsonga yake inakankha denga la udzu lonse n'kulitula m'munda wa chinangwa, nyumba n'kutsala yasa! Mwamwayi munalibe munthu.

Kumwamba kunali kutada, mvula ili pafupi. Lotani anapempha amuna a m'mudzi kuti amuthandize kubwezera dengalo, koma anamuyankha kuti iwo sanapite kusukulu, angasokoneze samu. Ana aja anali atathawa kale. Mkazi wake ankangotuta mphasa ndi ufa, osamuyang'ana n'komwe.

Pamenepo analowa yekha pansi pa dengalo, naika mutu pakati, n'kukankha. Denga linangogwedezeka, mwaye ndi ndowe za makoswe zikumuthira m'maso. Anakankhanso mpaka khosi linalira, ndipo mvula inamupeza ali momwemo, miyendo yokha ikuoneka.

Mayi Nabanda anaima chapatali, katundu wawo akunyowa. Anauza mwana wawo kuti kukacha amulongedzere mwamuna wake mabuku, azipita kwawo. Kenako anawerama, nasuzumira pansi pa dengalo, n'kulankhula mosakweza mawu:

"Tulukani, aphunzitsi. Mutu umodzi susenza denga."