Ng'ombe ya Apongozi

Ku Kapichila kuli anthu amene mpaka lero akandiona amatsokomola pofuna kubisa kuseka. Sindiwada. Ndikanakhala iwo ndikanasekanso, koma ine nkhaniyi imandiwawa.

Ndili ndi mfuti, ya mapepala ake, yophera nguluwe zikavuta m'chimanga kwathu ku Chikomeni. Ndinkadziwika kuti sindiphonya (mbiriyi ndinkaifalitsa ndekha, koma silinali bodza lokhalokha). Zaka zonse ndinkawombera zipolopolo za mtundu umodzi, zolemera, ndipo mfutiyo ndinaitchuna molingana ndi zimenezo. Zitatha, kusitolo anandipatsa zina, zokwana bwinobwino mumfuti koma zopepukirapo. Wogulitsayo anati ndikayambe ndaziyesa pachitsa, poti zikasiyana kulemera sizimenya malo amodzi ngakhale ulunjike chimodzimodzi. Ndinamuyankha kuti chipolopolo ndi chipolopolo. Munthu wosaonapo nguluwe angandiuze chiyani?

Ndisanayese n'chimodzi chomwe, apongozi anga aamuna anamwalira ku Kapichila kuja. Anthu anabwera ochuluka, ndiye akuluakulu anagamula kuti paphedwe ng'ombe ya ndiwo. Anasankha nkhunzi ina yolusa imene aliyense anali atatopa nayo. Ng'ombe ziwiri zolimira, Bantomu ndi Kaputeni, palibe anazitchula, chifukwa ndizo zinali manja a apongozi aakazi. Mayi wokalamba, ana ake aamuna onse ali m'matauni, mvula nayo ili pafupi.

Nkhunzi inakana chingwe. Inathyola khola n'kukaima kudambo pakati pa zinzake, ikupalasa pansi. Apa m'pamene mlamu wanga wamkulu anandikumbukira.

"Alamu, si imwe muli na mfuti? Tithandizeniko, ŵanthu ŵali na njala."

Ndinathamanga pa njinga yamoto kukaitenga. Pobwerera mtima unandiuza kuti ndiyese kamodzi panjira, koma ndinachita manyazi. Mkamwini kumaphulitsa mfuti m'tchire apongozi ali gone m'nyumba? (Kunena zoona, ndinkafunanso kuti anthu aone kuti ine n'kamodzi basi.)

Nkhunzi sinalole kuti ndiyandikire, choncho ndinagona pachulu patali ngati kutalika kwa bwalo la mpira. Amuna onse a pamaliro anaunjikana kumbuyo kwanga. Ng'ombe zina zinkadya kuseri kwa nkhunziyo, ndinaziona ndithu, koma munthu wosaphonya saganiza za kuseri. Ndinalunjika pamphumi, n'kukhethemula.

Nkhunzi inangogwedeza makutu ngati yaingitsa ntchentche. Amene anagwada ndi Bantomu. Chipolopolo chinakwera ngati chikhatho chimodzi, chinadutsa pakati pa nyanga za nkhunzi n'kukalowa m'khosi mwa ng'ombe yosalakwa.

Kenaka mkulu wina anati basi nyama ndi nyama, abweretse mipeni isanafe yokha. Wina anaphulika ndi chiseko, ena n'kulandira, pamaliro pomwepo. Nkhunzi inapitiriza kudya udzu. Madzulo anandipatsa mbale yanga ya Bantomu, ndipo ndinatafuna, poti mkamwini sakana chakudya cha pamaliro.

Patapita masiku ndinakayesa zotsalazo pachitsa. Zonse zinkamenya pamwamba, mopendekera kumanzere. Wogulitsa uja ankanena zoona, ndipo phula la safunsa ndinalidya ndekha. Lero bokosi lililonse latsopano ndimayamba ndaliyesa, ngakhale palibe amene wabweranso kudzandipempha kuti ndimuwombere kanthu.

Chovuta chinali kukaonana ndi apongozi aakazi. Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, ndiye ndinagwada poteropo, mkazi wanga ali pakati, n'kulonjeza kuti ndikagulitsa fodya ndidzapeza ng'ombe ina. Anamvetsera atayang'ana kukhola.

"Yewo, adada. Ng'ombe mungagule," anatero motsitsa. "Koma Bantomu anamuphunzitsa ni atate ŵanu, na manja yawo. Nenze kuganiza kuti nikamuona kumunda, nizankhala monga nawaonako."

Ndinalira, ine wamkulu ndevu pepeya, ndipo mkazi wanga anayang'ana kumbali.

Mvula sinadikire fodya wanga. Kaputeni sakanakoka pulawo yekha. Tinayesa kumumanga ndi nkhunzi ija, ndipo inathyola goli tisanamalize mzere woyamba. Choncho ndinasiya munda wanga m'manja mwa mkazi wanga n'kukagwira khasu kwa apongozi. Iwo ankalima mzere wakutali, ine wakuno, osalankhulana, Kaputeni akulirira mnzake kukhola. Tinabzala mochedwa, ndipo mbali ina ya munda inagonera. Tsiku lililonse ndinkadikira kuti andinene, mwina mtima ukanapepuka, koma sanatulutse mawu oipa ngakhale amodzi.

Tsiku lomaliza anandiphera nkhuku yothokoza kuti ndawalimira. Imeneyo ndiyo inandikanika kumeza.