Tcheniso ndi Moni wa Apongozi

Chipewa changa cha mlaza chikadali pa msomali m'nyumba, chong'ambika pamphumi. Akazi anga amakana kuchitaya, ati ndizichiona ndikayamba kudzimva. Ndikachiyang'ana, manyazi amandigwira ngati zachitika dzulo.

Ine ndine mkamwini kuno ku Nsefu. Kwathu ndi ku Msoro, ndipo chaka chimenecho ndinali nditapempha chitengwa, kuti nditenge banja langa tikakhale kwathu. Apongozi aakazi anangoti, "Tiona kaye." Kuyambira pamenepo ndinkagwira ntchito ngati ng'ombe ya pangolo, kuti aone kuti mwana wawo sakafa ndi njala.

Ndiye njovu zinabwera kudzadya mango, n'kugwetsa chimtengo chonse pakati pa khitchini ya apongozi ndi nkhokwe. Ine mumtima ndinati mwayi wanga ndi umenewu. Nkhwangwa inalipo, yakuthwa bwinobwino, koma nkhwangwa simveka mudzi wonse. Ndinapita kwa alamu anga, amene amagwira ntchito pa kampu ya alendo odzaona nyama, kukabwereka tcheniso, makina apetulo ochekera mitengo aja.

"Alamu, munaigwirapo iyi?" anandifunsa.

"Aa, kambirimbiri." (Ndinali nditaonerapo patali.)

"Mverani. Manja onse awiri, osasiya. Osacheka ndi nsonga. Nsonga ikagunda nthambi, makina amaponya theche, chimpeni chonse chimabwerera kumaso kwanu. Muziima chambali, ndipo maso azikhala pa mtengo basi."

Ndinavomera ndi mutu ngati munthu wodziwa kale. Zonsezo ndinazimva ndithu, sindinganame.

Poyamba zinayenda. Makina analira, nkhuku zinabalalika, anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera. Nthambi zinkagwa ngati ndikudula mapesi. Ndinakankhira chipewa chammbali pang'ono kuti akazi anga aone nkhope ya mwamuna amene anakwatiwa naye.

Tsono muyenera kudziwa kuti ine ndi apongozi sitiyang'anizana. Tikakumana panjira, ine ndimapatukira kutchire. Akandilonjera, ndimanjuta, kuyang'ana kumbali, dzanja pachifuwa. Thupi langa linazolowera, limachita lokha osandifunsa.

Ndili mkati mocheka nthambi yaikulu, ndinamva mawu kumbuyo kwanga, okweza kuti apose makina.

"Mwaswera bwanji, atate?"

Abale, ulemu unandipha. Dzanja lamanzere linasiya chogwirira n'kupita pachifuwa. Nkhope inatembenukira kumbali. Mawondo anapinda. Koma chala chakumanja chinali chikanikizabe mafuta, ndipo pamene ndinkanjuta, nsonga ija inakagunda nthambi ina imene inabisala m'masamba.

Sindinaone kanthu. Ndinangomva kamphepo pamphumi ndi fungo la petulo, chipewa chili m'malere. Makina ndinawaponya uko, n'kutembenuka kuti ndithawe ndikukuwa, "Mayo ine, ndafa!" Ndinagwira chinthu choyamba chimene manja anga anapeza, n'kuchikumbatira zolimba, maso ali chitsinzinire.

Chinthucho chinali apongozi.

Ndinawagwira m'chiuno, mutu wanga uli pamimba pawo ngati mwana woopa jakisoni. Nsengwa ya mtedza imene ananyamula inakhuthukira pamsana panga. Makina ankangoguguda okha m'masambamo. Munthu amene ndinali ndisanawayang'anepo m'maso chikwatirire, tsiku limenelo ndinadziwa mpaka sopo amene amasambira.

"Mwavulala?" anafunsa, akuyang'ana kumwamba.

"Iyayi, amayi."

"Ndiye nditayeni."

Ndinawataya. Ndinayesa kunjutanso (ngati kuti panatsala ulemu woti n'kupulumutsa), koma ndinangokhala pansi, pa mtedza paja. Akazi anga anatola chipewa, nalowetsa zala zitatu pong'ambika paja, ndipo sanaseke. Apa m'pamene ndinachita mantha enieni, poona kuti chikanakhala chipumi changa.

Alamu atabwera kudzatenga makina awo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Nanga osazimitsa kaye bwanji, n'kuyankha moni pambuyo?" Mtengo uja ndinaumaliza ndi nkhwangwa, popanda woonerera ndi mmodzi yemwe.

Yankho la chitengwa linadzera mwa akazi anga, monga mwa mwambo. Apongozi anati ulemu ndili nawo, wochuluka mpaka kutayikira, ndipo mkamwini wotere sapezekapezeka. Koma munthu woti angadzidule mutu chifukwa cha moni sangakhale kutali, ayenera kukhala pafupi kuti azimuyang'anira.

Ndiye ndikadali kuno ku Nsefu. Phunziro ndinalitola: chilichonse cholira chizime kaye, ulemu ubwere pambuyo. Koma apongozi sakhulupirira. Akandiona ndagwira ngakhale kampeni kosendera mbatata, amaima patali, n'kudikira kuti ndikaike pansi, kenako m'pamene amandilonjera.