Ubongo Wanga ndi Khola la Anyani

Mpaka lero ndikamva munthu akudzitama kuti ali ndi nzeru, msana umandiyabwa.

Chaka chimenecho ndinali pa chikamwini kufupi ndi Msoro, ndikudikira kuti apongozi andilole kutenga mkazi wanga kupita naye kwathu. Ndinapezako ganyu yonyamulira katundu mayi wina wofufuza za anyani ku Lupande. Iye ndiye anandiuza kuti ubongo wa munthu umaposa wa nyani pa chinthu chimodzi: munthu amaganiza zotsatira asanagwire kanthu. Ndinabwerera kumudzi nditatupa ngati finye (ineyo, wolekezera giredi 7).

Anyani anali atatisautsa m'munda wa apongozi. Ndinalengeza kuti sayansi iwathetsa. Mkazi wanga anati, "Bambo, funsaniko anzanu." Ine ndinangoloza mutu wanga.

Ndinamanga khola la mitengo ya mopane, chitseko chogwa chokha, chimanga chanyambo chomangirira ku chingwe m'katimo. Nditamaliza ndinaona kuti chimangacho chapendekeka. Ndinakwawira m'kati, n'kuchigwira.

Phiii! Chitseko chagwa.

Chokhomera chitseko chinali kunja, poti ndinaganiza zotsatira: nyani asadzatsegule. Kukuwa sindikanatha, masikauti oteteza nyama zakutchire anali pafupi ndipo msampha ndi mlandu. Anyani anatsika, nakhala mondizungulira, n'kumakukuta chimanga akundiyang'ana mwachifundo.

Dzuwa litapendeka, ndani watulukira? Apongozi aakazi! Kwathu kuno mkamwini sayang'anizana nawo, ngakhale panjira mumapatukirana. Ine ndipatukire kuti? Ndinangozyolika.

Iwo anatembenukira mtengo wa msikizi n'kuupatsa moni. "Mwaswera bwanji, a mtengo? Anyani a chaka chino akuvala malaya, eti?"

"Taswera bwino," ndinayankha ndikuyang'ana dothi.

Anatola nsungwi yaitali, nakankha chokhomeracho atandifulatira. Mapewa awo okha ndiwo amagwedezeka. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Sabata yomweyo amalume anga anabwera kudzapempha chitengwa chija. Apongozi anamvetsera mwaulemu, kenako anati, "Ife sitikukana ayi. Koma kwanuko, akadzitsekera, adzawatsegulira ndani?"

Ana athu akula, ndikadali pamudzi pomwepo. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, ndavomera. Komabe chitseko chija, abale, chinagwa bwino kwabasi.