Mmene Apongozi Analowera M'laputopu Yanga

Amene akuti ndikunama atsike minibasi isanadzaze, akafunse pamsika wa Katete pano ngati Sakala anayamba wanenapo bodza. Ine ndinali mphunzitsi wa zojambula mapulani ku sekondale, ndinawerenga mabuku, ndipo munthu wokokomeza nkhani ndimadana naye. Inu a kondakitala, chikwama changacho chisiyeni pampando pomwepo. Mumve kaye chimene chilimo.

Nditapuma uphunzitsi ndinagwirako ntchito pa kampani ina ya zomangamanga ku Lusaka, kumene nyumba timayamba taimanga m'kompyuta njerwa isanagulidwe. Nyumba ya m'kompyuta ili ndi masitepe asanu. Yoyamba ndi chibokosi chabe, chosonyeza pamene nyumba idzakhale ndi kukula kwake. Yachiwiri makoma ndi denga zimaoneka, koma miyeso ndi yongoyerekeza. Yachitatu miyeso ndi yeniyeni, mmisiri akhoza kukumba maziko. Yachinayi ndi ya akalipentala ndi owotcherera zitsulo, msomali uliwonse pamalo pake. Yachisanu imaonetsa chimene chilipodi pamalopo, osasiyako kanthu. Ambiri amathera pachitatu. Amene anafika pachisanu penipeni m'Zambia muno ndi ine ndekha.

Mkazi wanga woyamba atamwalira ndinapeza Nabanda, wa kumudzi wina ku Vubwi kufupi ndi malire a Malawi. Kwawoko mwambo ukadali wamoyo: mwamuna umakakhala kwa mkazi, umamanga pamene akulozera, ndipo apongozi aakazi suyang'anizana nawo, mukakumana panjira umapatukira m'tchire. Apongozi anga sanandikonde. Tsiku lina Nabanda anabwera ndi uthenga: "Amayi akuti mvula ikagwa nyumba palibe, mutenge chikwama chanu mubwerere ku Katete. Akuti mwamuna wa choko ntchito yake n'kulankhula." Unali mwezi wa Okutobala, mitambo itayamba kale kuunjikana cha ku Mozambiki.

Ndinatsegula laputopu n'kujambula sitepe yoyamba. Mmisiri wa m'mudzimo, a Mbewe, anaiona, n'kukhoma zikhomo m'makona anayi. Nabanda ananyamula laputopu kukaonetsa amayi ake, ine nditabisala kuseri kwa nkhokwe. Ndinamva ndi makutu anga: "Bokosi la sopo ili? Mwana wanga agone m'bokosi?"

Mukumva? Ine, Sakala, wa bokosi la sopo. Ndinauza a Mbewe kuti adikire, ndikufuna mudzi uwu uone sukulu. Ndinadutsa yachiwiri ndi yachitatu tiyi asanazizire, n'kulowa yachinayi, n'kujambula njerwa iliyonse ndi mng'alu wake, phaso lililonse la mlombwa ndi mitsempha yake, mahinjesi olira ngati mwana wa mbuzi, mpaka chiswe cha m'mudzimo chinamva fungo la matabwa, chinabwera pamzere n'kulowera pabowo la chaja, n'kuyamba kudya mapaso a kuchipinda, ine n'kujambula oilo wakuda n'kupaka mtengo uliwonse, chiswe n'kutulukira pabowo lomwelo chikutsokomola. Malata ndinawajambula mokhulupirika moti masana ankathetheka ndi dzuwa, laputopu n'kundiwotcha maondo. Nditaika mafuwa kukhitchini utsi unayamba kutuluka m'mbali mwa laputopu, Nabanda n'kumayanikapo nsomba. Thadzi lake linasowa, tinalifuna mudzi wonse, kenako tinamva anapiye akulira mu sipika: linaikira pakhonde la m'kati. Ndipo kulemera! Njerwa iliyonse imene ndinkawonjeza inkamveka m'manja, moti tsiku lokatchaja ku golosale ya sola tinaikweza pangolo amuna amphamvu okhaokha, ng'ombe za a Mbewe n'kugwada pachitunda, tayala limodzi n'kuphulika, anthu a ku Malawi n'kuthawa poganiza kuti ndi mfuti. Inu amayi a dengu la tomato, mukuseka chiyani? Ng'ombezo zilipo, imodzi imatsimphinabe.

Ndikanalekera pomwepo. Koma ndinati apongozi aone yachisanu, ndipo lamulo la yachisanu ndanena kale: chimene chili pamalopo uchiikemo. Tsono pamalo anatipatsawo panali chulu, panali mtengo wa mango, ndipo patsinde pa mtengowo ankakhalapo tsiku ndi tsiku apongozi anga, akuswa nshawa, kudikira kuti ndilephere. Munthu wa chilungamo ngati ine ndikanawasiya? Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino, choncho Nabanda ankandiuza ine n'kumajambula: duku ndi mfundo yake, mphini za pachipumi, dzino lotsala, lichero pamiyendo, ngakhale katsokomoledwe kawo. Nditamaliza diso lachiwiri, apongozi a m'laputopu anasiya nshawa, n'kudzutsa mutu, n'kundiyang'ana m'maso.

Ndinagwa chagada pampando. Ndinakwawa mpaka m'tchire, monga mwa mwambo. Mukumva? Nyumba yonse ili m'menemo, miyeso ili m'menemo, ine wosaloledwa kuyang'ana. Ndinayesa kugwira ntchito chofulatira, manja kumbuyo, ndinapezeka ndaika chimbudzi padenga. Ndinayesa galasi la Nabanda, iwo n'kutembenukira pagalasi pomwepo. Nabanda anati ndiwafufute. Ndinamufunsa ngati akudziwa zimene akunena, mkamwini kufufuta apongozi. Ndinatseka laputopu mwaulemu, n'kuikulunga m'chitenje chatsopano.

Mitambo inali itada, mabingu akumveka ku Mozambiki. A Mbewe anabwera kudzafunsa pulani. Ndinawauza kuti amange zimene anaona. Iwo anaona sitepe yoyamba yokha, ndipo anaitsatira ndi mtima wonse: makoma anayi, denga pamwamba, popanda zenera, popanda khomo, moti atamaliza anapezeka ali m'kati, tinachita kuwatulutsa ndi hamala. Bowo limene tinaswalo ndilo khomo lathu, ndipo linagwera mbali yakutchire, yofulatira nyumba ya apongozi. Msomali womaliza wa malata ndi dontho loyamba la mvula zinafika limodzi, dontho n'kupepesa.

M'mawa mwake apongozi enieni anazungulira nyumbayo ndi ndodo yawo, ine ndili m'kati mumdima. Anafunafuna zenera loyang'ana kwawo, sanalipeze. Ndinawamva akuuza Nabanda: "Mudzi uno unaonapo akamwini ambiri, koma waulemu chotere sindinamuone. Wamanga nyumba yoti asadzandione mpaka imfa. Akhale." Madzulo ananditumizira nkhuku.

Lero anyamata a ku Lusaka akamandifunsa sitepe yabwino, ndimawauza kuti uzijambula pofika pamene wofunayo akufunira, ndipo uyambe waona amene wakhala pansi pa mtengo. Nyumbayo ilipo, pitani ku Vubwi mukafunse kwa aphunzitsi a bokosi, ngakhale mwana akulozerani. Wakuba sanalowepo. Dzuwa nalonso silinalowepo.

Mukuti nditsegule muone? Pamaso panga, m'minibasi mopanikizana muno, ine ndipatukire kuti? Sindinaitsegulenso chitsekereni, ndipo ikapanda kuyaka ndiye kuti agona. Tsono inu a kondakitala, mwamva nonse. Munthu wamkulu ngati ameneyu mukufuna ndimuike pansi, pamapazi a anthu, pafupi ndi tambala wa bambo uyo? Mpando uwu ndi wa apongozi anga. Wokwera winayo adikire minibasi yotsatira.