Nkhope ya amayi yochokera m'kompyuta

Ndevu ndili nazo, ana ndili nawo, koma kwathu ku Simlemba alipo anthu amene amandipatsa moni wakuti "mwaswera bwanji mayi". Zinayamba ndi mtima wabwino.

Amayi anamwalira osasiya chithunzi. Chomwe chinalipo ndi cha pachiphaso chawo cha voti, chomwe ankalandirira makuponi a feteleza, ndipo mvula inachinyowetsa ali pamzere mpaka nkhope inafufutika, kungotsala diso limodzi ndi mphumi. Nthawi yomanga chiliza itayandikira, ndinkafunitsitsa kuti abale awaonenso.

Msuweni wanga wa ku Lilongwe anandiuza kuti kuntchito kwawo amayeza mitu ya anthu ambirimbiri, ndipo kompyuta ikaona kachidutswa ka nkhope imawerengetsa n'kulosera mbali zotsalazo. Anandichenjeza kuti pamene makinawo sakudziwa, amangoikapo maonekedwe ofala mwa anthu ambiri. (Chenjezolo linalowera khutu ili n'kutulukira linali.) Ndinamuumiriza kuti ajambulenso ine awonjezerepo, poti aliyense amati ndinatengera amayi.

Mutu umene makinawo anaumba unabwera m'katoni, wapulasitiki, waukulu ngati dzungu. Ndinauveka duku la amayi, osaonetsa munthu. Ine ndinkaona amayi ndithu, mpaka ndinalira ndekha m'chipinda.

Tsiku la chilizalo abusa atatseka ndi pemphero kumanda, ndinaimirira n'kufotokoza za sayansi ndi mawu amene ine mwini sindinkawamvetsa. Kenako ndinavundukula chitenje chimene ndinaphimbira mutuwo.

Azakhali, mlongo wa abambo, anayandikira. Anayang'ana mutuwo, n'kuyang'ana ine.

"Mwana wa achimwene, ameneyu si iwe wavala duku?"

Wina kumbuyo analephera kudzigwira. Kuseka kunafalikira mpaka kwa amayi a mvano, ena akuseka misozi ya maliro isanaume. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Abambo okha sanaseke. Maso awo anali atayamba kale kufooka, choncho anati ndiwapatse mutuwo m'manja. Anausisita pang'onopang'ono ndi zala zawo zothimbirira ndi fodya, kuyambira pamphumi, pamphuno, mpaka pachibwano. Atafika pansi pa khutu anabwereza kangapo. Ankafuna kachipsera komwe mtengo wa chigafa cha fodya unawasiyira amayi chaka chimene anakwatirana. Panali posalala. Apa anthu anali atasiya kuseka.

"Si mayi ako awa," anatero motsitsa mawu. "Koma usawasiye kumanda kuno, angazizidwe."

Tinabwerera nawo kunyumba, ine kumbuyo nditanyamula nkhope yanga yomwe m'khwapa. Mpaka lero mutuwo uli pakabati kwa abambo, ndipo amaupukuta fumbi okha.

Chondipweteka n'chakuti masiku ano ndikatsinzina kuti ndikumbukire amayi, imene imabwera ndi nkhope yosalala ija. Yeniyeniyo ikunka nithawa.

Msuweni akuti kwabwera makina atsopano olosera bwino. Ndinamukanira kwamtuwagalu. Koma dzulo pafoni, titatha kukamba za mvula, ndinangozindikira ndikumufunsa ngati atsopanowo amatha kuika zipsera.