Kuyabwa Kwandilanda Mzere Woyamba

Lolemba

Loweruka kuli gule wa chilimika, ife a Kande tikukapikisana ndi a Chintheche. Wotsogolera mzere ndani? Ineyo, monga chaka chilichonse. Chiuno changachi amachidziwa mpaka ku Usisya, kumene sindinapondeko n'komwe.

Koma pali kanthu. Kumusi kukuyabwa. Kukutulukanso zoyera zamibulumibulu ngati chambiko, fungo palibe. Kuchipatala sindipita ayi. Bambo a ana ali ku Joni chaka chachiwiri chino, ndiye anthu akandiona pabenchi paja anena kuti ndazitenga kuti? Ndithana nazo ndekha. Ine ndinabereka ana anayi osalira.

Lachiwiri

Nkhondo yayamba. Zida zanga:
sopo wonunkhira wochokera ku Joni,
madzi a mchere,
ndimu.

Ndimu! Mayo ine! Ndalumpha mpaka kugunda denga la bafa, chonsecho bafa lathu lilibe denga. Nkhuku zathawa. Kuyabwa kuli pompo, tsopano kwabwera ndi mnzake, kutentha.

Lachitatu

M'mawa wonse ndili m'madzi kuvuula chinangwa. Chitenje chonyowa chiumira m'thupi momwemo, nthawi yosintha ndiitenga kuti? Masana kokonzekera gule, ndavala kapanti kothina ka nayiloni.

Ng'oma ikupita uku, ine uko. Miyendo ikukhulana yokha. Atsikana a kumbuyo akunditsanzira, akuyesa ndi sitepe yatsopano. NyaManda, amene wakhala akusirira malo anga chikwatiwire kuno, akuti: "Asisi, ndi kavinidwe kameneko, kapena mwaponda linthumbu?" Ndaseka nawo. Pokodza ndalira.

Lachinayi

Makapisozi a pagolosale, amene wogulitsa akuti amachiza chilichonse kupatula ufiti. Ndameza. Zawonjeza! Kwatupa, kwafiira. Ndikuyenda ngati ndanyamula bwato pakati pa miyendo.

Apongozi maso awo ndi a nkhwazi. Akuti: "Mauka amenewo, mwana wanga. Mawa tipite kwa NyaPhiri akadule ndi lezala." Lezala! Kumeneko! Ine sindiopa ng'ona, koma ndati, "Yewu, ama," n'kutulukira khomo la kuseri.

Lachisanu

Ndagonja. Kabaza sindingakwere, ndayenda wapansi, mpango mpaka m'maso. Pabenchi ndapeza theka la amayi a kutchalitchi kwathu. Palibe wandifunsa kanthu, aliyense ali ndi zake.

Anesi andiyeza. Akuti si matenda opatsirana pogonana, ndi fangasi. Timakhala naye kale m'thupi, amangochuluka akapeza chinyezi, sopo, ndi makapisozi omwa mwachisawawa. Ine ndamupatsa zonse zitatu, ngati mlendo wolemekezeka. Chodula palibe. Nditatchula ndimu anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

Andipatsa mapiritsi oika kumusi pogona, ndi mafuta opaka kunja. Malamulo:
kutsuka ndi madzi okha, kunja kokha,
panti wa kotoni, wosathina,
chonyowa kuvula msanga,
kumaliza mankhwala ngakhale kuyabwa kutasiya,
zikapanda kusintha, kapena kukabwera fungo kaya kupweteka m'mimba, kubwerera.

Ndafunsa za mawa. Akuti: "Mukanabwera tsiku loyamba, bwenzi mukuvina. Fangasi ndi wosavuta, koma khungu mwaliwotcha nokha."

Loweruka

Ndayesa sitepe imodzi kuseri kwa nyumba. Imodzi yokha. Ndakhala pansi.

Kubwalo ntchito yanga ndi kulondera masilipasi ndi zikwama za anzanga pansi pa mtengo wa mango. Ine! Kutsogolo NyaManda, mano onse panja, kavinidwe kake ngati akupha udzudzu. Ndapemphera kuti tiluze pang'ono, anthu adziwe kusowa kwanga.

Tapambana. A Chintheche omwe akuti Kande sinavinepo chonchi. NyaManda amunyamula m'mwamba, ndipo pobwera kudzatenga masilipasi ake wandithokoza kuti ndawasunga bwino.

Lamulungu

Amayi oyang'anira gule andipeza pakhomo la tchalitchi. Akuti chaka chamawa ndikaime kumbuyo, ndizikalimbikitsa ana. Ndavomera, ndikanatani?

Apongozi akuuza anthu kuti ndinali ndi malungo. Mulungu awadalitse, ngakhale lezala akuisungabe m'Baibulo.

Kutupa kwaphwa, kuyabwa kwatsala pang'ono. Mapanti a kotoni ali pachingwe, aakulu ngati matanga a bwato. Lero ndakhala pabenchi ulaliki wonse, wautali ngati msewu wa ku Mzuzu, osagwedezeka ngakhale kamodzi. Palibe wandiombera m'manja.