Tsiku Limene Ndinaonetsa Apongozi Ufiti wa ku Mangalande

Pali zinthu zina zimene mkamwini sayenera kuonera limodzi ndi apongozi ake. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, ndinakulira kumudzi ine. Komabe Lamlungu lina masana, m'nyumba mwanga momwe ku Rockingham, dziko la azungu kuno, ndinapezeka ndili pampando thukuta lili kamukamu, ndikumasulira apongozi anga nkhani imene sindikanayenera n'kuiyamba komwe.

Ndimagwira ntchito kumigodi ya kumpoto, ija timapita pandege n'kukakhalako masabata angapo kenako n'kubwera kudzapuma. Mkazi wanga atachira mwana wathu woyamba, Takondwa, mayi ake anabwera kuchokera ku Ntchisi kudzamuthandiza. Ndi mayi aulemu wawo, a m'bungwe la amayi kutchalitchi, osayankhulayankhula. Ine ndi iwo tinkakhala mwa ulemu wa kwathu: iwo akakhala pabalaza, ine ndinkapeza chochita kugalaja. (Galimoto yanga sinatsukidwepo kawirikawiri ngati miyezi imeneyo.)

Vuto linali loti mayiwa ankasungulumwa. Mwana akagona analibe chochita, ndipo za pa TV ya kuno sizinkawasangalatsa. Ndinawamva tsiku lina akufunsa mwana wawo kuti, "Munthu wamkulu, wandevu zake, kulira pagulu chifukwa choti keke yaphwa?" Tsiku lomwelo anatinso chinthu chimodzi chimene amalakalaka ndi kuona midzi ya ku Mangalande, kumene kunachokera amishoni amene anaphunzitsa bambo awo kuwerenga. Ine ndili kukhitchini ndinangoti mumtima, apa ndiye pamene mkamwini angadzipezere mbiri.

Kumgodi kuli mnzanga dzina lake Graham, makaniko wa magalimoto akuluakulu, wochokera ku Mangalande komweko. Iyeyu amakonda mafilimu akalekale a kwawo, ndipo pa chakudya amakangana ndi anzake za filimu yabwino kuposa inzake mpaka chakudya kuzizira. Ndinamufunsa ngati ali ndi filimu yoonetsa moyo wa kumudzi kwawo, yokhala ndi tchalitchi, nyimbo ndi minda. Maso ake anawala.

"Zonsezo zilimo," anatero m'Chingerezi chake chomeza zilembo. "Fok ora, mnzanga. Palibe yoposa imeneyi."

Liwu loyambalo ndinalimva, ndi lonena za anthu akumudzi. Lachiwirilo ndinaganiza kuti akunena ola, ngati mapologalamu aja a pawailesi a ola lathunthu la nyimbo za makolo. Kumeneko n'kulakwa kwanga koyamba. Munthuyo ankanena "horror", kutanthauza zoopsa, koma kwawoko chilembo choyambacho amachisiya kunyumba.

Anandibwereka chimbale chopanda chikuto. Musaganize kuti ndine wosasamala, ndinafufuza. Ndili pabwalo la ndege ndinawerenga pafoni maganizo a anthu amene anaionerapo. Wina analemba kuti nyimbo zake sizichoka m'mutu. Wina anati filimuyi imaonetsa mphamvu ya chikhulupiriro pakati pa anthu akumudzi. Wina anati ataionera sanagone. (Ine ndinati ndi chimwemwe. Inenso kwaya ikaimba bwino sindigona msanga.) Panali wina amene analemba ndime yaitali yoyamba ndi chenjezo, koma nthawi yomweyo anatiitana kuti tikwere ndege.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi tinabwera ndi Mayi Tembo, mayi a ku Zambia amene amagwira ntchito yaunesi ku Fremantle ndipo anagwirizana kwambiri ndi apongozi anga. Titadya, ndinaima chapatali manja kumbuyo n'kunena kuti, "Amayi, ndakupezerani kanema wa kumudzi kwa amishoni aja." Anamwetulira, kumwetulira kumene sindinakuonepo chibwerereni. Popeza Chingerezi cha m'mafilimu chimawathamangira, ndinadzipereka kukhala womasulira. Iwo ndi Mayi Tembo anakhala pasofa, ine ndinakoka mpando wa patebulo n'kukhala kukona. Mkazi wanga anaonera pang'ono, mwana atayamba kulira anapita naye kuchipinda.

Poyamba zinkayenda bwino kwambiri. Mapiri obiriwira, nkhosa zili waa, katchalitchi ka miyala, belu likulira. Mnyamata wina, dokotala wa ziweto wochokera mumzinda, anafika m'mudzimo kudzaona nkhosa zimene zinkafa. Anthu anamulandira ndi nyimbo. Nyumba iliyonse inkamuitana kudzadya.

"Anthu abwino," ndinatero. "Onani kuchereza alendo kwake."

Apongozi anapukusa mutu pang'ono. "Chifikireni mnyamatayu, alipo amene wamufunsa za kwawo? Dzina la bambo ake? Angomudyetsa basi. Chimene umachidyetsa osachifunsa kwawo ndi mbuzi ya Khirisimasi."

Ndinaseka mwaulemu, poganiza kuti ndi nthabwala za achikulire.

Kenako akuluakulu a mudziwo anakumana pachitsime china chakale pamwamba pa phiri. Mkulu wina wa ndevu zoyera anayankhula motsitsa mawu kuti chitsimecho chili ndi ludzu, ndipo chaka chino chikufuna magazi a mlendo. Apongozi anatembenukira kwa ine kudikira.

"Akuti... akuti chitsime chawonongeka," ndinatero. "Ndiye akufuna mlendoyu athandizepo pa chitukuko."

Mayi Tembo anandiyang'ana cham'mbali. Kumeneko n'kulakwa kwanga kwachiwiri, pakuti bodza likangolowa pakhomo limaitana abale ake. Anthu atavala mitu ya nkhosa n'kumayenda mwakachetechete kuzungulira nyumba imene mnyamatayo ankagona, ndinati ndi alonda a m'mudzi, kwawoko kumazizira. M'busa wa katchalitchi kaja atavula kolala n'kuiponya m'chitsime, ndinati akuyeza kuya kwake.

Apa ndinaganiza zongozimitsa n'kunamizira chimbale kuti chakalamba. Ndinayang'ana rimoti patebulo, palibe. Pansi, palibe. Kenako ndinaona kansonga kake kakuda katasuzumira pasofa, pansi pa chitenje cha apongozi anga. Anali atakhalira.

Inu amene munakulira kwathu, tandiuzani, mkamwini amayamba ndi mawu ati pouza apongozi ake kuti adzuke pang'ono? Nanga dzanja lingapite kumeneko? Ndinayang'ana Mayi Tembo ndi maso opempha, koma iwo maso anali pa TV, mtedza uli m'manja. Ndinaitana mkazi wanga motsitsa mawu. Kuchipinda kunali zii, mayi ndi mwana onse anali atagona.

Ndiye kunacha m'filimumo. Atsikana a m'mudzi anakwera phiri akuimba kanyimbo kokoma ngati ka Sande sukulu. Atafika pachitsime anayamba kuvula. Ndinati mwina ndi majuzi okha. Sanali majuzi okha. Nthawi yomweyo apongozi anasuntha kuti akhale bwino, rimoti inadinikizika, ndipo mawu anakwera mpaka mawindo kunjenjemera.

Ine ndinali nditatembenukira kukhoma, ndikuwerenga kalendala ya chaka chatha ngati muli uthenga wofunika.

"Bambo a Takondwa," anandiitana apongozi modekha, "apa akuti chiyani?"

"Ndi... ndi ubatizo, Amayi. Wa kwawoko."

Apa Mayi Tembo analephera kupirira. Anaseka mpaka mtedza kumwazika. "Awe imwe, ba tate ba Takondwa, lekani boza! Ubatizo wa bwanji uyu? Amai, aba bantu bafuna kumupaya uyu mnyamata. Kuchokera paja pa chitsime, vonse vamene bakumasulirani ni va boza!"

Ndinanyamuka kuti ndikazule waya kukhoma, zivute zitani. Ndisanafike apongozi anakweza dzanja.

"Isiyeni. Munthu sathawa pa maliro mtembo usanatsike. Mayi Tembo, masulirani ndinu."

Ndinabwerera pampando wanga ngati mwana amene walephera ndakatulo pamaso pa makolo. Ndipo amayi awiriwo anaionera filimuyo mpaka kumapeto, uku akuitafuna ngati nzimbe. Apongozi sanaope ngakhale pang'ono, anangokwiya ndi mnyamatayo. Iye atapeza nsapato za mlendo wa chaka chatha m'khola, apongozi anamenya m'manja. "Thawa, mwana iwe! Basi imadutsa pamsewu pompo!" Iye m'malo mothawa anapita kukafunsa mkulu wa ndevu uja tanthauzo la nsapatozo. "Ha! Kukafunsa fisi za mbuzi yosowa. Sukulu imeneyi inangomuonongera nthawi." Mayi Tembo iwo ankadandaula zoti m'mudzi monsemo munalibe mayi mmodzi wachifundo womunong'oneza mwana wa eni. Pamapeto anamuveka chikopa cha nkhosa n'kumutsitsira m'chitsime, mudzi wonse ukuimba mosangalala, nkhosa zikudya msipu ngati palibe chachitika.

Kenako mayina a ochita zisudzo anayamba kuyenda pa TV. Apongozi anadzuka, n'kuona rimoti, n'kuiika patebulo bwinobwino.

"Bambo anga," anatero, "anawauza kuti atenthe ng'oma zawo kuti abatizidwe. Anatentha. Kani owauzawo kwawo kunalinso zotere?"

Ndinayesa kufotokoza kuti ndi nkhani yongopeka, anthu aja ndi ochita zisudzo, mwina pano ndi agogo okhala m'mizinda. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Munthu sapeka chimene makolo ake sanachilotepo," anatero. Kenako anawonjezera, akuyang'ana pansi monga mwa ulemu wathu, "Kanemayu ndi wabwino, ali ndi phunziro. Chimene sichinali bwino ndi womasulira. Ine ndabereka ana, ndasambitsa maliro, ndalangiza anamwali. Mumaganiza kuti ndikomoka ndi atsikana osavala? Mukanangoti, Amayi, ndalakwitsa, izi n'zoopsa. Bodza lija ndi limene landichititsa manyazi."

Mawu amenewo anandilowa kuposa filimu yonse. Madzulo ake ndinatuma mkazi wanga kuti akandipepesere, monga mwa mwambo. Iye anapita, koma anayamba wakhala pabedi n'kuseka mpaka misozi. Anabwerako ndi yankho loti nkhani yatha, komanso funso loti kodi mzungu mwini kanemayo ali ndi ena otere.

Nditabwerera kumgodi ndinamufotokozera Graham zonse, ndikuyembekeza kuti apepesa. Iye anagwira tebulo ndi kuseka, kenako anandiumiriza kubwereza mawu a apongozi amodziamodzi. Za mbuzi ya Khirisimasi zija anati pa zaka zonse zimene wakhala akukangana ndi anthu za filimuyo, palibe anaifotokoza bwino chotero. Ulendo wotsatira anandipatsa thumba lodzaza zimbale.

Kuyambira pamenepo Lamlungu masana linasanduka tsiku la kanema. Mayi Tembo ankamasulira, amayi ena awiri a kutchalitchi anayamba kubwera, ndipo ine udindo wanga unali wophika tiyi. Ndili kukhitchini ndinkangomva zigamulo. Filimu ina anaikana kuti mfiti zake n'zaulesi, zimangoyang'ana pawindo. Ina anaiyamikira chifukwa mtsikana wake anamvera malangizo n'kuthawa. Onse anagwirizana kuti azungu a m'mafilimuwa akanakhala ndi chizolowezi chopita kwa eni ndi mnzawo, theka la imfazi silikanachitika.

Apongozi anabwerera ku Ntchisi mvula isanayambe. Tinasiyana bwino, pabwalo la ndege anandiuza kuti ndine mkamwini wabwino, kungoti lilime limaterera. Ndinalonjeza mumtima kuti sindidzanamizanso munthu wamkulu, ngakhale pofuna kumuteteza.

Mwezi watha foni inalira ndili kuntchito. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa azakhali a mkazi wanga, mayi okalamba amene sindinawaonepo chikwatirireni. Zikuoneka kuti apongozi anakafotokoza nkhani yonse kumudzi, ndipo penapake panjira mawu oti "kanema" anatayika. Atandipatsa moni wautali, azakhaliwo anati nkhani ya mnyamata wa ziweto uja yawakhudza kwambiri amayi a kumpingo, ndipo amupempherera. Chimene ankafuna kudziwa n'choti, popeza ine ndimadziwana ndi mzungu wa kumudzi komweko, kodi abale ake a malemuyo anauzidwa? Nanga thupi linatulutsidwa m'chitsime muja?

Ndinakhala pansi pamthunzi wa galimoto, foni ili m'manja, ndikuganiza mmene ndingafotokozere mayi wa zaka zimenezo kuti anthu amawononga nthawi yawo kupanga imfa yabodza kuti ena asangalale. Kenako ndinadina batani.

"Zikomo azakhali. Abale anauzidwa, thupi linatulutsidwa, ndipo mwambo wonse unayenda bwino."